Madera 9 a Indiana: voti yathu ikagwira pati chaka chino cha 2026?

Nachisale (South Bend): Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ndangoweruka kumene shifiti ya usiku, ndiye mundikhululukire ngati ndikulemba mosalongosoka. Ine ndinalumbira unzika chaka chathachi, ndiye chaka chino ndikavota koyamba. Koma usiku wathawu mnzanga wa kuntchito, wobadwira konkuno, wandiuza kuti ndisadzivutitse, akuti kuno ku South Bend phungu wa ku Congress amadziwika anthu asanaponye n'komwe voti. Zandiwawa. Zaka 14 ndakhala ndikudikira pepala limeneli. Ndi zoona kodi zimenezi? Akuluakulu ndithandizeni.

aPhiri (Mishawaka): Tadzuka bwino achemwali, ndipo zabwino zonse pa unzikawo. Mnzanuyo sananame kwenikweni, koma wakuuzani theka la nkhani. Indiana ili ndi madera 9 ku House of Representatives, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, yomwe ndi nyumba ya malamulo ya America. Nyumba yonseyo ili ndi mipando 435, ndipo yonse imapikisanidwa zaka ziwiri zilizonse, osati zisanu ngati kwathu. Panopa madera 7 ali m'manja mwa a Republican, awiri okha a Democrat: dera 1 la a Frank Mrvan, kumene kuli Gary ndi Hammond, ndi dera 7 la a André Carson ku Indianapolis. Ife a South Bend, Mishawaka, Granger ndi Elkhart tili dera 2, phungu wathu ndi a Rudy Yakym. Analowa mu 2022, mayi Jackie Walorski atamwalira pa ngozi ya galimoto ku Elkhart County mu Ogasiti chaka chomwecho. Mu 2024 anapambana ndi mavoti opitirira 60 pa 100 alionse. Ndiye mukaona manambala okha, inde, phirilo ndi lalitali.

Koma ine ndinafika kuno dera lino lili ndi phungu wa Democrat, a Joe Donnelly, amene anakhalapo kuyambira 2007 mpaka 2013. Malire atasinthidwa, mayi Walorski anapambana mu 2012 movutikira zedi. Ndaona ndi maso anga dera lino likutembenuka. Chimene chinatembenuka kamodzi chikhoza kutembenukanso.

Nachisale (South Bend): Zikomo abambo. Masiku ake ndi ati? Ndikumva ena akuti Meyi, ena Novembala.

aPhiri (Mishawaka): Onse akunena zoona. Pa 5 Meyi kuli mapulaimale, pa 3 Novembala chisankho chachikulu. Kalembera amatseka masiku 29 chisankho chisanafike, ndiye wa mapulaimale atseka pa 6 Epulo, wa Novembala pa 5 Okutobala. Malo ovotera amatsegula 6 koloko mmawa n'kutseka 6 koloko madzulo. Inu a shifiti ya usiku chenjerani ndi 6 koloko imeneyi, mukagona mukatuluka dzuwa litalowa. Bola kukavota msanga, amatsegula pafupifupi milungu inayi tsikulo lisanafike. Mutenge laisensi yoyendetsera galimoto kapena pasipoti ya ku America, kuno popanda chiphaso cha chithunzi zimavuta.

Jere (Hammond): Moni kuchokera panjira, ndaima pa sikelo ya mathiraki ndiye ndapeza mpata. Achemwali Nachisale, mukafuna kuona kumene voti imodzi imalemera, bwerani kuno kwathu ku dera 1. A Mrvan anapambana mu 2022 ndi mu 2024 ndi mavoti pafupifupi 53 pa 100 basi. Dera limeneli lakhala la a Democrat kuyambira zaka za m'ma 1930. A Pete Visclosky anakhala pampando kuyambira 1985 mpaka 2021, ndipo nthawi imeneyo panalibe amene ankalota zoti mpandowo ungagwedezeke. Lero ukugwedezeka. Anthu a m'mafakitale a zitsulo amene makolo awo ankavotera Democrat osafunsa, ambiri asuntha. Ine ndimadya nawo m'malo oimika mathiraki, ndimamva zimene amayankhula. Nkhani yawo ndi ntchito ku fakitale ya zitsulo ya Gary Works, makamaka chigulireni Nippon Steel kampani ya U.S. Steel mu Juni 2025. Funso lawo ndi limodzi: ng'anjo zipitiriza kuyaka kapena ayi?

Komanso kumbukirani kuti kuno timayendera nthawi ya Chicago. 6 koloko yathu ndi 7 koloko yanu.

Che Jafali (Indianapolis): Salaam, moni nonse. Ine ndikufuna tisaiwale zimene zinachitika mu Disembala 2025, chifukwa zikanayenda mwina, bwenzi funso la achemwaliwa lilibe ndi yankho lomwe. Atsogoleri a Republican amafuna kujambula mapu atsopano a madera pakati pa nyengo, osadikira kalembera wa anthu wa 2030, kuti madera onse 9 akhale a Republican. Mzinda wathu wa Indianapolis amafuna kuwudula zidutswa zinayi, chidutswa chilichonse n'kuchimangirira ku midzi yakutali. Taganizani, ine wokhala m'tauni muno phungu wanga akanakhala woyang'ana alimi a chimanga ndi soya a makilomita ambirimbiri uko. Sindikunyoza alimi ayi, bambo anga ndi mlimi ku Mangochi. Koma mavuto a basi, lendi ndi chipatala cha m'tauni akanawamva ndani? Nyumba yaing'ono ya Indiana inavomereza mapuwo. Atafika ku Senate ya Indiana pa 11 Disembala anagwa, 31 okana, 19 ovomera. Mwa 31 amenewo, 21 anali a Republican eniake. Ine ndinaonera pa foni ndili m'galimoto panja pa mzikiti, ndipo manja ankanjenjemera.

aMbewe (Elkhart): Che Jafali mwafotokoza bwino, ndipo ndikufuna gulu lione mfundo yomalizayo. Anali a Republican amene anakana. Ine pagulu pano mumandidziwa kuti ndimavotera Republican, sindibisa. Ndimavotera chifukwa cha chikhulupiriro changa pa nkhani ya moyo wa mwana wosabadwa, komanso chifukwa ndikaona msonkho umene amadula pa malipiro anga ndimafuna uchepe. Koma mapu aja sindinagwirizane nawo. Wachiwiri kwa pulezidenti, a JD Vance, anabwera ku Indianapolis kawiri kudzanyengerera, a Trump analankhula poyera kuti okana adzawapezera opikisana nawo, bwanamkubwa Mike Braun anakankha mwamphamvu. Masenata ena mpaka anaopsezedwa kunyumba kwawo. Koma anaima. Ine zimenezo zinandipatsa ulemu pa iwo. Mpira sumasintha zigoli pakati pa masewero chifukwa choti timu yako ikuopa kugonja.

Che Jafali (Indianapolis): Pamenepo tagwirizana achimwene, ngakhale pa zambiri timasiyana.

Nangozo (Fort Wayne): Koma aMbewe, tinene zonse. Si Indiana yokha. Texas inajambula mapu ake mu Ogasiti 2025 kuti a Republican awonjezere mipando, California inabwezera mu Novembala ndi voti ya anthu pa Proposition 50 kuti a Democrat nawonso awonjezere. Onse akuchita. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti andale amaloledwa kudzijambulira okha malire. Kwathu, ndi mavuto athu onse, ntchito yodula madera ili m'manja mwa MEC, ndipo ndi iwo anatifikitsa pa madera 229 amene tavotera pa 16 Seputembala chaka chatha. Kuno phungu akusankha yekha anthu amene adzamusankhe.

Za kwathu kuno ku dera 3 palibe zambiri. A Jim Banks anapita ku Senate, a Marlin Stutzman anabwerera pampando umene anakhalapo kale. Mu Novembala sindikuyembekeza zodabwitsa.

aPhiri (Mishawaka): Ndiye mpamene pali yankho lachiwiri la achemwali Nachisale. M'dera limene chipani chimodzi chili ndi mphamvu chonchi, chisankho chenicheni ndi cha mu Meyi. Wopambana mapulaimale ndiye amapita ku Washington. Ndipo mu Meyi anthu amatuluka ochepa kwambiri, moti voti yanu imalemera kuposa mu Novembala. Kuno ku Indiana polembetsa safunsa chipani. Tsiku la mapulaimale mukafika mumangonena kuti mukufuna pepala la chipani chiti, lamulo limangoyembekeza kuti mutenge la chipani chimene mtima wanu uli. Komanso pa pepala lomwelo pali mipando yonse 100 ya nyumba yaing'ono ya Indiana ndi theka la mipando 50 ya Senate ya Indiana. Anthu amene anakana kapena kuvomera mapu aja ena a iwo ali pomwepo. Amene mukufuna kuwathokoza kapena kuwalanga, mpata wake ndi umenewo.

Mphwanu wa ku koleji: Akuluakulu, ine ndili pa viza ya sukulu ndiye sindivota, koma ndikuwerenga zonse. Ndifunse: amene ali ndi green card angavote ngakhale pa mapulaimale okha? Msuweni wanga akuti anamufunsa ngati akufuna kulembetsa pamene amatenga laisensi.

aPhiri (Mishawaka): AYI. Ndalemba ndi zilembo zazikulu dala. Green card si unzika. Wosakhala nzika akalembetsa kapena kuvota pa chisankho cha Congress, ndi mlandu, ndipo ukhoza kumuthamangitsitsa m'dziko muno ndi kumutsekera unzika mpaka kalekale. Muuzeni msuweni wanuyo lero lomwe.

Nabanda (South Bend): Pamenepa ndiloleni ndiikepo umboni wanga, mwina upulumutsa wina. Zaka zingapo zapitazo, ndili ndi green card, ndinapita kukakonzetsa laisensi. Mzere unali wautali, mwana ali kumsana akulira, ndipo mayi wa pa kauntala ankafunsa mafunso mothamanga ngati akuwerenga nyimbo. Adilesi ndi yomweyi? Eya. Maso ali bwino? Eya. Mukufuna kulembetsa kuvota? Pakamwa panga panali patatsegula kale kuti ndinene eya wachitatu. Chinandigwira ndi chiyani sindidziwa, koma ndinati dikirani, bwerezani funsolo. Atabwereza ndinati ayi, ine si nzika. Anangodina batani n'kupitiriza, osayang'ana n'komwe nkhope yanga. Tsiku limene ndinkayankha mafunso a unzika, funso lija linabweradi: munalembetsapo kuvota? Ndinayankha ayi ndi mtima woyera, koma thukuta linatuluka m'manja pokumbukira tsiku lija. Abale, musamayankhe eya pa chinthu chimene simunamve bwino, ngakhale kumbuyo kwanu kuli anthu 50 akung'ung'udza.

Mphwanu wa ku koleji: Zikomo amayi, ndamutumizira uthenga wanuwu momwe uliri.

Nachisale (South Bend): Mayi Nabanda mwandichititsa mantha ngakhale ndine nzika kale. Koma ndibwerere kwa abambo Phiri. Ndamva za masiku ndi malire. Chimene ndikufuna kumvetsa n'chakuti phungu ameneyu amakhudza bwanji moyo wanga ine. Kwathu phungu timamuona pa maliro, amagula bokosi, amakonza mjigo. Kuno a Yakym sindinawaonepo.

Nangozo (Fort Wayne): Achemwali, munatumizako ndalama kumudzi chiyambire Januwale?

Nachisale (South Bend): Eya, sabata yatha. Ndinapita ndi ndalama m'manja pa sitolo ina apa, $300 ya feteleza wobereketsa wa amayi. Anandidula $3 yoonjezera pamwamba pa zolipira za masiku onse. Nditafunsa, mtsikana wa pa kauntala anangoti ndi lamulo latsopano.

Nangozo (Fort Wayne): Ameneyo ndiye phungu wanu, mwakumana naye pa kauntala. Msonkho wa 1 pa 100 pa ndalama zotumiza kunja unayamba pa 1 Januwale 2026. Uli mu lamulo lalikulu lija limene a Trump anasaina pa 4 Julayi 2025. Unayambira mu komiti ya Ways and Means, imene imalemba za misonkho, ndipo a Yakym amakhala mu komiti imeneyo. Poyamba ankafuna 5 pa 100, Nyumba inatsitsa kufika 3.5, ku Senate n'kufika pa 1. Lamulo lonselo linadutsa mu House ndi mavoti 218 kwa 214. A Republican onse 7 a Indiana anavomera, a Mrvan ndi a Carson anakana. Taonani kusiyana kwakeko, 218 ndi 214. Mipando itatu yokha ikanakhala mbali ina, nkhani ikanakhala ina.

Langizo langa: msonkhowu umagwira ndalama za m'manja ndi ma money order. Mukatumiza kuchokera ku akaunti ya ku banki kapena ndi khadi la banki ya kuno, sakudulani. Ovutika ndi abale athu amene alibe akaunti, omwenso ndi osaukitsitsa pakati pathu.

aMbewe (Elkhart): Mlongo wanga Nangozo, manambala anu ndi oona, koma mwatchula mbali imodzi ya lamulolo. Lamulo lomwelo lachotsa msonkho pa gawo lina la malipiro a ovataimu. Ife a m'mafakitale a ma RV, magalimoto okhala ndi pogona aja, kuno ku Elkhart, nyengo ikakhala yabwino timagwira maola ambiri, ndipo chimenecho kwa ine ndi ndalama yooneka. $3 ya achemwali ndikuimva, koma inenso ndili ndi ana atatu ndi ngongole ya nyumba. Tisamaone ngati aliyense wovotera Republican pakati pathu waiwala kumene anachokera. Ine ndimatumiza kwa Mkanda mwezi uliwonse.

Jere (Hammond): aMbewe, nanga ovataimuyo ilipo chaka chino? Ndikufunsa moona, chifukwa ndimanyamula katundu wa kwanuko. Msonkho wa zitsulo ndi aluminiyamu zochokera kunja unakwera kufika 50 pa 100 mu Juni 2025. Kuno ku Gary anthu anaombera m'manja, chifukwa zitsulo zawo zapeza msika. Koma inu mumagula aluminiyamu yomweyo kuti mupange ma RV. Lamulo limodzi, dera 1 likusekerera, dera 2 likudandaula, ndipo pakati pathu ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka pa Toll Road.

aMbewe (Elkhart): Mwandigwira pachilonda achimwene. Zoona, zipangizo zakwera mtengo, ndipo ife ku Elkhart timadziwa kuti chuma chikayamba kudwala, oyamba kutsokomola ndife, chifukwa munthu akapanikizika chinthu choyamba kusiya kugula ndi RV. Amene tinalipo mu 2009 sitidzaiwala, mafakitale ankatseka ngati masewera. Ndiye funso limenelo ndikufuna ndikawafunse a Yakym pamaso. Kuwavotera sikutanthauza kuti ndiwasiye osawafunsa.

Nabanda (South Bend): Ine nkhawa yanga ndi Medicaid, thandizo la boma lolipirira chipatala ndi chisamaliro cha anthu opeza zochepa. Ambiri a ife pagulu pano timagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba ndi olumala. Malipiro athu, mukawatsata kumene amachokera, ambiri ndi a Medicaid. Lamulo lomwe lija ladula ndalama zambiri kumeneko m'zaka zikubwerazi, ndipo laika lamulo loti akuluakulu ambiri azionetsa maola 80 a ntchito pa mwezi kuti asachotsedwe. Agogo amene ndimawasambitsa mmawa uliwonse sadziwa n'komwe dzina la phungu wawo. Koma ndalama zikachepa, pa shifiti pamene tinali anayi tidzakhala atatu, ndipo belu lawo likalira adzadikira nthawi yaitali ali pamkodzo. Ine ndikavota ndi nkhope zawo m'maso mwanga.

Atsibweni (Zomba): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuchokera kuno kumudzi. Ndinakhala ku South Bend zaka 11 ndisanabwerere, ndiye misewu mukutchulayi ndikuidziwa. Ndikufuna mudziwe kuti chisankho chanucho chimafika mpaka kuno. USAID itatsekedwa chaka chatha, pa chipatala china chaching'ono chimene ndimapitako anachotsa achinyamata amene ankayenda m'midzi kutsatira odwala osiya kumwa ma ARV. Mmodzi ndi mwana wa mnansi wanga, lero akugulitsa makala. Mu Julayi 2025 Congress inavomereza kubweza pafupifupi $9 biliyoni zimene inali itapereka kale, zambiri za thandizo la kunja. $400 miliyoni ya PEPFAR, pologalamu ya America yolimbana ndi Edzi, inapulumuka chifukwa masenata ena a Republican anakana kuti idulidwe. PEPFAR imeneyi anaiyambitsa ndi a George W. Bush mu 2003, wa Republican, ndipo anthu ambiri amene ndimapemphera nawo ali moyo chifukwa cha iyo. Ndiye sindikukuuzani chipani. Ndikungoti chikwama cha dziko limenelo chimasungidwa ndi Congress, ndipo inu muli ndi dzanja pa chingwe chake pamene ife tilibe.

Nachisale (South Bend): Atsibweni, mawu anu andifika pamtima. Mchemwali wanga weniweni amalandira mankhwala amenewo ku Ntcheu.

Mphwanu wa ku koleji: Nanga za maviza? Chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000 chimene anayamba kufunsa a Malawi ndi a Zambia mu Ogasiti 2025, kenako chiletso cha pa 1 Januwale chimene chatseka maviza a alendo ndi a sukulu kwa ife. Mayi anga sabwera pa mwambo wanga womaliza maphunziro. Ineyo ndikuopa kupita kumudzi pa tchuthi, chifukwa viza yanga ikatha sindidziwa ngati ndingabwererenso. Phungu angachitepo kanthu?

aPhiri (Mishawaka): Mwana wanga, pepa kwambiri. Ndikuuze zoona kuti usayembekeze zimene kulibe. Ziwiri zonsezo sizinadutse ku Congress. Chikole chinachokera ku State Department, unduna wa zakunja, chiletso chinachokera kwa pulezidenti. Ngakhale madera onse 9 atasintha mawa, chiletsocho sichichoka chokha. Chimene Nyumba ingachite ndi kuitana nduna kudzayankha mafunso, kugwira ndalama, ndi kulemba malamulo, ndipo zimenezo zimadalira chipani chimene chili ndi mipando 218. Mu 2024 a Republican anapeza 220, a Democrat 215. N'chifukwa chake anthu akutali ankalimbana ndi mipando iwiri ya Indiana ngati kuti ndi ya kwawo.

Koma pali china chimene ambiri sadziwa. Ofesi ya phungu aliyense ili ndi anthu olembedwa ntchito yothandiza okhala m'deralo pamene mapepala awo atsakamira ku boma, kaya ku immigration, kaya ku Social Security. Safunsa ngati unawavotera, ndipo sufunika kukhala nzika. Umasaina fomu yowaloleza kufunsa m'malo mwako, iwo n'kulemba kalata. Salonjeza kuti zitheka, koma fayilo imene inagona imadzutsidwa. Ndiwo maliro ndi mjigo wa kuno, achemwali Nachisale.

Che Jafali (Indianapolis): Zoona zimenezo, ndipo ndionjezere za kwathu ku dera 7. A Carson akhala pampando kuyambira 2008, analowa m'malo mwa agogo awo aakazi, mayi Julia Carson, atamwalira. Ndi Msilamu wachiwiri kulowa mu Congress m'mbiri ya dziko lino, ndipo kwa ine zimenezo zili ndi tanthauzo, ana anga amaona kuti munthu wopemphera ngati iwo akhoza kufika kumeneko. Koma zaka 18 ndi zambiri, ndipo achinyamata a chipani chawo chomwe akufunsa ngati si nthawi ya magazi atsopano. Kuno Novembala sadetsa nkhawa a Democrat, nkhondo ili mu Meyi. Ine sindinaganize mbali. Ndikufuna ndimve kaye aliyense akunena chiyani za lendi, chifukwa yanga yakwera kawiri m'zaka ziwiri.

Agogo (Berrien Springs): Zidzukulu, ine ndili tsidya lino la malire ku Michigan, ndiye zanuzo sindivota nawo, ngakhale Sabata lililonse ndimadya nsima ndi ena a inu. Kuno chaka chino tili ndi zambiri, bwanamkubwa ndi senata omwe, pamene inu ku Indiana mipando imeneyo siili pa pepala ulendo uno. Chenjezo langa ndi la amene mwasamuka. Ndikudziwa mabanja amene achoka ku Niles kupita ku South Bend, ena achoka ku South Bend kubwera kuno. Ulendo wake ndi wa mphindi 20, koma ndi maboma awiri osiyana ndi malamulo osiyana. Kuno munthu akhoza kulembetsa ngakhale tsiku lovota lomwelo, kwanuko ayi. Konzani adilesi msanga.

Nangozo (Fort Wayne): Agogo anena zoona. Ndipo achemwali Nachisale, popeza mwati zaka 14 munadikira, tamverani iyi. Phungu wa dera 5, kumpoto kwa Indianapolis uko, mayi Victoria Spartz, anabadwira ku Ukraine. Anabwera kuno ali wamkulu kale, ndipo mu 2020 anasankhidwa kupita ku Congress, akulankhula Chingerezi chomveka kuti si wobadwira kuno, ngati ife tomwe. Ndale zawo ine sindigwirizana nazo zambiri. Koma malamulo amangofuna zaka 25 zakubadwa ndi zaka 7 za unzika. Mwana wa pagulu pano akhoza kudzaima tsiku lina.

Jere (Hammond): Madera enawo sitinawatchule, koma mwachidule: 4 kuli a Jim Baird, 6 a Jefferson Shreve, 8 a Mark Messmer kumwera chakumadzulo ku Evansville, 9 mayi Erin Houchin. Onse a Republican, ndipo ndimadutsamo ndi thiraki, zikwangwani za m'minda zimanena zokha. Ine pempho langa ndi la amene muli ndi abale ku Merrillville, Portage, Valparaiso, Michigan City. Afunseni ngati analembetsa. Ndikudziwa a Malawi angapo kuno amene ali ndi unzika zaka zambiri koma sanaponyepo voti, akuti ndale za eni dziko. Eni dziko ndi ndani tsopano, si inu munakweza dzanja n'kulumbira?

aMbewe (Elkhart): Pamenepo Jere ndili nawe, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri amene uwalembetsewo akavotera mbali ina. Alembetse basi. Ndipo ndikupempha gulu, tikamakambirana tisatchulane maina oipa. Chaka cha 2024 ena anasiya kundipatsa moni ku tchalitchi. Zinandipweteka, chifukwa pa maliro a mchimwene wanga ndi inu nomwe munasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi.

Nabanda (South Bend): Pepani aMbewe, ine ndinali mmodzi wa iwo. Mtima unali utawawa nthawi imeneyo, koma sindinachite bwino. Tidzatsutsana pa Medicaid mpaka Novembala, koma moni ndidzakupatsani.

aMbewe (Elkhart): Ndalandira amayi. Zikomo.

Nachisale (South Bend): Abale, ndayang'ana pa intaneti monga mwanenera, ndipo dzina langa silikupezeka pa mndandanda wa ovota. Tsiku lolumbira lija panali tebulo la olembetsa pakhomo, koma ine ndinali kulira ndi kujambulitsa ndi ana, ndinangodutsa. Ndiye ndiyambire pati?

aPhiri (Mishawaka): Palibe chovuta, nthawi ilipo mpaka pa 6 Epulo. Ngati muli ndi laisensi ya Indiana mukhoza kulembetsa pa intaneti pa tsamba la boma la ovota. Koma popeza laisensi yanu munatenga muli ndi green card, ine ndingakonde mupite nokha ku ofesi ya kalembera wa ovota ya St. Joseph County, mutanyamula satifiketi ya unzika kapena pasipoti, kuti aone ndi maso n'kulemba zoyenera. Satifiketiyo musawasiyire, ionetseni n'kubwerera nayo. Mukatero mudikire khadi lobwera pa positi, kenako muyang'anenso dzina lanu pa intaneti.

Nabanda (South Bend): Lachinayi sindikugwira ntchito. Mukaweruka 7 koloko mmawa ndidzakutengani pa geti, tikamwe tiyi kwathu, ofesi ikatsegula tipite limodzi. Alipo wina wa ku South Bend kapena Mishawaka amene sanalembetse? M'galimoto muli malo a anthu atatu.

Mphwanu wa ku koleji: Ine sindilembetsa, koma ngati mayi Nachisale alibe wowasiyira ana mmawa umenewo, kalasi yanga imayamba 11 koloko.

Nachisale (South Bend): Ambuye akudalitse mwana wanga, wamng'onoyo ndimusiya kwa iwe. Mayi Nabanda, Lachinayi 7 koloko pa geti la kumbuyo, ndidzakhala nditavala yunifolomu yobiriwira. Satifiketi ndaiika kale mu envelopu. Tsopano ndikagone kaye, 10 koloko usiku ndikubwerera ku shifiti.